Mafuta a Makwinya Ndalandira

Wokondedwa mwana wanga Esinati,

Amalume ako a Namakhwa adakali moyo, nanenso ndilipo kuno ku Michesi, mawondo okha ndiwo akuvuta. Kaya iwe ku Joniko?

Mafuta ochotsa makwinya a m'mbali mwa maso aja ndalandira. Amayi ako amandidzoza m'mawa uliwonse, ati ndizivalanso chipewa padzuwa. Lamulungu lapitali a Namakhwa anandipeza kutchalitchi, n'kuseka: "Alamu, mwasalalatu!" Ndi omwewo amene anandiloza pa maliro a mchimwene wako, amvekere, "Taonani makwinyawo, maso a mfiti." Chiyambire tsiku limenelo ndimayenda chowerama, ndipo mafuta akowa safika pamene pakundiwawa.

Mulungu akusunge, koma usatumizenso ena. Uwaimbire foni amalume akowo. Ndisanafe, akaimirire pamanda a mwana wanga, anene anthu akumva kuti ananama.

Ndine bambo ako