Fupa Lotupa la Kamphepo

Okondedwa mlamu,

Muli bwanji kumeneko? Nanga amayi, miyendo ija yasiya kuwavuta? Kuno tilipo, ana ndi amphamvu, ine ndikungonenepa monga mumandidziwira.

Ndalemba chifukwa cha mwamuna wanu, mlongo wanga uja amene kubwalo la mpira amamutcha Kamphepo. Musang'ambe pepalali, mlamu, muyambe mwawerenga.

Tsiku limene munalongedza katundu munandiuza kuti akuyenda chotang'adza, pogona akukufulatirani, ndipo m'chikwama cha nsapato za mpira mwapezamo mapilitsi. Munati watenga matenda kwa akazi akunja.

Sabata yatha analephera kutsika masitepe, ndiye ndinamukokera kuchipatala. Adokotala anamugoneka chagada, n'kuika chibakera pakati pa mawondo ake kuti afinye. Munthu wandevu anakuwa ngati mwana. Magazi ndi mkodzo anayeza, sanapezemo kanthu, choncho anatitumiza kukajambulitsa pa makina a MRI, amene amaona mpaka m'kati mwa mafupa.

Chipinda chake n'chozizira, makinawo ngati mgolo waukulu wogoneka. Wojambula anati chitsulo chilichonse chitsale panja, lamba, makiyi, ngakhale mphete. Pa mphete m'pamene panavuta. Anakana kuivula, mpaka wojambulayo anaseka n'kumuuza kuti makina ake sanathetsepo ukwati wa munthu. Mlongo wangayo anaivula n'kuipereka kwa ine monyinyirika, ndipo ndinamumvera chisoni.

Pachithunzi adokotala anatilozera pachinena, pamene mafupa awiri amakumana kutsogolo. Mbali zonse ziwiri panali poyera mbee. Anati kumeneko ndi kutupa kwa fupa, kumene kumagwira osewera chifukwa chomenya mpira ndi kutembenuka ali paliwiro. Ine wopanda manyazi ndinafunsa ngati n'zotengera kwa mkazi. Anayankha kuti mkazi wake ndi mpira.

Titakhala pabenchi panja m'pamene anamasuka. Akuti ululu unayamba kale m'mphechepeche, moti kutembenuka pabedi kunali ngati akumubaya. Mapilitsi aja ndi opha ululu. Anakubisirani chifukwa mumakonzetsa tsitsi ku saluni imodzi ndi akazi a kochi, ndipo ankaopa kuti nkhani ikafika kumeneko amuchotsa m'timu. Mutachoka, manyazi anamutseka pakamwa. Ndinamuuza kuti nzeru zake zonse zinatsikira kumapazi, mutu umodzi susenza denga.

Chimene ankaopacho chachitika ndithu. Amuletsa mpira kwa miyezi, azingochita timasewera tolimbitsa mimba ndi ntchafu, ndipo malo ake kochi wapatsa wina. Sanatsutse ngakhale pang'ono. Anangofunsa adokotala ngati chithunzicho angachitenge kuti mkazi wake akachione.

Sindikumuikira kumbuyo. Anakulakwirani pokuyesani wa pakamwa, ndipo zimenezo mudzamukalipire nokha, ine ndidzakugwirirani kuti asathawe. Koma chimene munamuganizira sanachite. Bwerani, mlamu. Mpira walola kuti upite osalira, koma nditangotchula dzina lanu analira.

Mundiperekere moni kwa amayi ndi achimwene anu. Mulungu akusungeni ndipo akufewetseni mtima.

Ndine mlamu wanu,
Mayi a mapasa