Nkhunzi ya amalume ndaithena

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Mpongozi wanu Halima, mkazi wa mchimwene wanga Saidi, anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Kukamwa ndi inu ndithu, akayamba kulira mudzi wonse umadzuka. Chimanga chaka chatha tinakolola chokwanira, koma mpunga wa kudambo unamira nyanja ya Malombe itasefukira. Denga la khitchini likudonthabe pomwe paja.

Nkhani yomwe ndakusungirani ndi ya m'khola, ndipo ndikulemba mtima ukuwira. Mukukumbukira lamulo lanu: nkhunzi ikhale kwayokha mpaka mondokwa utapsa m'Malichi, kuti mathole adzabadwe mvula itagwa, msipu uli gwa. Munkati nkhunzi siidziwa mwezi, mwini khola ndiye adziwa. Misoti yaing'ono simunkailola n'komwe kuyandikira nkhunzi mpaka itakhwima chiuno.

Ndiye mlongo wanu, amalume a Yusufu, anachita zotani? Pa sadaka yanu m'Januwale chaka chatha, analamula kuti azinge Chikwanje, nkhunzi yanu yofatsa ija, kuti anthu aziti a Yusufu alira mlongo wawo mwaulemu. Anthu anadya, nawatama. Mawa lake anabweretsa chinkhunzi chawo chalinunda, chija anagula kufamu, n'kuchilowetsa m'khola pamodzi ndi misoti yomwe. Ndinagwada, ndinawadandaulira. Anandiyankha kuti mwinimbumba ndi iwo, ndipo mwana wamkazi za ng'ombe amazidziwira pa mbale.

Okutobala atafika, dzuwa la Mangochi mukulidziwa, ng'ombe zinayamba kubereka pa fumbi. Kudambo kunali mapesi okhaokha. Zazikazi nthiti pamtunda, mkaka wosatuluka, mathole akungoyamwa mphepo. Ena tinawakwirira kuseri kwa khola.

Koma chondiwawa ndi Nyenyezi, msoti wanu wa banga pamphumi uja munkaupatsa madeya pamanja. Thole la chinkhunzi chija linakula mutu, linakanirira. Ine ndi mchimwene wanga Saidi tinakoka ndi chingwe mpaka manja kusupuka, osatheka. Nyenyezi inkandiyang'ana, amayi. Tinaizinga isanatsirizike kuti nyama isakhale haramu. Amalume anabwera, nati zonse analemba ndi Mulungu, kenako anasankha mwendo wakumbuyo n'kumangirira pa njinga. Tsiku limenelo ndinalumbira pa dzina lanu.

Chaka chino abwerezanso. Mvula itangoyamba, anachibweretsanso chinkhunzi chawo, ati msipu wa mlongo wawo ndi wawo. Ndinawayalira mkeka, ndinawapatsa tiyi wamkaka, chinkhunzicho ndinachitsekera m'khola laling'ono n'kuwauza kuti chipume kaye. Sabata yomweyo alangizi a ziweto anabwera kudzathena tinkhunzi togulitsa kwa abutchala a paboma, monga munkachitira chaka ndi chaka. Atamaliza, ndinawalozera chijachi. Anandiyang'ana kawiri. Ndinati chilichonse chili m'khola la amayi anga chimatsata lamulo la amayi anga. Anyamata anachigwetsa, chinabangula mpaka atsekwe anauluka kudambo, ndipo ine sindinaphethire.

Chida cha alangizi chija mukuchidziwa, chimangopana mitsempha, sichisiya bala. Chinkhunzi chinatupa masiku ochepa, ndipo amalume anali ku Chiponde kwa mkazi wawo wamng'ono. Panopa achitengera kwawo, chikuyenda ndi ng'ombe zawo. Akudzitama kumsika kuti chaka chino khola lawo lidzaza ndi mathole a mtundu. Ine ndikakumana nawo ndimagwada bwinobwino, n'kuwafunsa kuti nkhunzi yadzuka bwanji. Amati yanenepa zedi. Inde, mfule imanenepa.

Ndikudziwa mukanati, Asiyatu, mkwiyo suphika ndiwo. Koma munkanenanso kuti choipa chitsata mwini, ndipo ine ndangochilozera njira. Chisoni ndilibe ngakhale pang'ono. Adikire miyezi yawo yonse, awerenge mimba zomwe kulibe, amve mmene khola limakhalira zii nthawi yomwe anzako akukama. Akadzapita kwa amfumu, ndidzapita nawo, nditanyamula chikopa cha Nyenyezi.

Za khola lanu musade nkhawa. Chikwanje inasiya mwana wamphongo, wofatsa ngati bambo wake. Ndinamubisa kwa apongozi a Saidi kuti mpeni wa amalume usamuone. Mondokwa ukangopsa ndikamutenga, alowe kwa zazikulu zokha, misoti idikire. Mathole anu adzabadwira pa msipu.

Ndikukulonjezani chinthu chimodzi. Amalume akadzatopa kudikira, chinkhunzi chija chidzangotsala cha mpeni basi. Tsiku limenelo ndidzapita ndi njinga ya Saidi, ndidzawauze kuti zonse analemba ndi Mulungu, ndipo ndidzasankha mwendo wakumbuyo.

Gonani bwino, amayi. Ndimakukondani monga kale.

Ine mwana wanu,
Asiyatu