Maluwa a Amayi pa Thanki ya a Bonifasi

Ndirande, Blantyre
Lachitatu, 5 Disembala 1979

Okondedwa achemwali anga a Salome,

Muli bwanji inu ndi alamu anga? Nanga khanda lathu Rafaelo likuyamwa bwino? Mwendo wa amayi uja unaphwa? Ife kuno tilipo, Bernadetta wamera mano awiri ndipo akuluma aliyense. Kalatayi muwerenge muli nokha, osati mokweza pakhonde muja mumachitira.

Ndiyambe ndi zabwino. Bambo a Bernadetta asiya zolemba zikwangwani za magolosale, tsopano akupenta mathanki a njinga zamoto, paja pothira petulo. Amachotsa thanki, kuitsuka, kuipala ndi sandipepala mpaka isalale ngati mbale, kenaka amapopera penti ndi pampu ija yophera udzudzu. Anthu ambiri amafuna tambala wakuda, koma iwo amakana. Akuti tambala wa chipani akangotuluka wopindika khosi, ofunsa mafunso sachedwa. Ndiye anayamba kufuna maluwa. Anayesa kuika masamba a papaya pa thanki nkupopera pamwamba pake, koma zinkatuluka ngati mapazi a bakha.

Nzeru inachokera kwa ine, achemwali. Ndinawauza kuti akayala nsalu ya lesi pa thanki nkupopera, penti adutsa m'timabowo ndipo maluwa atsala. Anandiseka, amvekere ine ndidziwa chiyani za penti. Tinayesa. Pansi anapaka woyera, atauma tinakulunga lesi, ine nkuikoka kuti igwire bwino, iwo nkupopera wabuluu pang'onopang'ono ali patali. Kenaka tinaichotsa. Maluwa onse anali pamenepo, ngakhale timfundo ta ulusi tinkaoneka. Atapaka vanishi, anthu anadzaza pabwalo ngati pali ukwati. Mayi wina anafunsa ngati thankiyo yachokera ku Joni. Pofika lero abwera anthu asanu ndi njinga zawo, ndipo bambo a Bernadetta akumauza aliyense kuti mmisiri ndi mkazi wawo. Chikwatiwireni sindinawamvepo akundinena chotero pa anthu.

Tsopano gwirani mtima. Lesi imene ndikunenayi ndi ya diresi la ubatizo lija amayi anandibwereka mu Ogasiti.

Ndinkaganiza kuti ndikaichapa msanga ndi thina, mankhwala aja osungunulira penti, penti achoka. Sanachoke. Ndinaviika, ndinatikita, ndinayanika, mpaka ulusi unayamba kuduka. Lesi yonse imene ndinachotsa kumunsi kwa diresi ndi yabuluu, ndipo maluwa atatu ang'ambika. Musanene kuti ndi bambo a Bernadetta, iwo sankadziwa kumene ndinaitenga. Atadziwa anakhala pansi osadya tsiku lonse.

Ndikudziwa chimene ndawononga. Amayi analuka lesi imeneyi ndi manja awo ali ndi pakati pa inu. Tonse asanu ndi mmodzi tinabatizidwira m'menemo, ngakhale malemu Fransisko amene sanathe mwezi. Ndipo ndikudziwa kuti Rafaelo amayenera kuvala diresili pa Khirisimasi. Ndalakwira amayi, ndalakwiranso inu. Ndikamusambitsa Bernadetta ndimangoganiza kuti wanga anavala, wa achemwali savala chifukwa cha ine.

Chimene chikundithamangitsa ndi ichi. Njinga imene tinayesera ija ndi ya a Bonifasi, alangizi a zaulimi a kwathu komweko, amene akupatsirani kalatayi. Anabwera kuno kudzaona mchimwene wawo, ndipo akunyamuka mawa. Lamulungu akakhala ku Misa ku Kabwazi, ndipo inu mukudziwa kuti njinga yawo amaimika pakhomo penipeni pa tchalitchi. Amayi akangoponya diso, adziwa. Maluwa a dzungu aja okhala ndi kamtanda pakati palibe wina amaluka. Ndinawapempha a Bonifasi kuti aphimbe thanki ndi chiguduli ngakhale sabata imodzi. Anaseka, nati munthu sagula nsapato zatsopano nkumaziyendera m'thumba. Chimene ndikuopa sindinawauze. Angolonjeza kuti ayamba aima kwa inu ku Mayani Lachisanu.

Pempho langa ndi limodzi. Loweruka mupite kwa amayi mukawauze zonse, asakazionere pamaso pa amayi anzawo a bungwe la Legio kutchalitchi. Musakachepetse mlandu, ndipo musakandiikire kumbuyo. Mukanene kuti Rozina anachita dala, ankafuna kuthandiza ntchito ya mwamuna wake, koma sanaganize. Madzi akatayika saoleka, ndikudziwa. Ndagula ulusi woyera ndi singano yolukira, ndipo ndabwereza katatu konse, koma duwa langa likutuluka ngati chitumbuwa. Ngati amayi angalole, ndibwera ndi Bernadetta sabata yamawa ndikhale pafupi nawo mpaka ndiphunzire. Rafaelo asabatizidwe ndi diresi lobwereka kwa eni. Akakana kundiona, mundiuze osabisa, ndidzafikira kwa inu.

Koma pali kanthu kena, ndipo musandiseke. Mukawauza, Lamulungu musawatsekereze njira kapena kuwatulutsira khomo lina. Alekeni aione njingayo. Achemwali, ndi yokongola zedi. Ikakhala padzuwa maluwa aja amachita ngati akuyandama pamadzi. Zaka makumi atatu ntchito ya amayi yakhala m'sutukesi ndi mankhwala a njenjete, kutuluka tsiku limodzi mwana akabadwa. Pano anthu a ku Limbe akuimitsa a Bonifasi pamsewu kufunsa amene anajambula. Ine mantha ndili nawo, komabe ndikufuna aione. Muime pafupi nawo, ndipo mundilembere zimene achite. Ngati atembenuka nkumapita, mulembe. Ngati aigwira ndi dzanja, mulembenso.

Mupereke moni kwa alamu anga, kwa atsibweni a Norbert ndi azakhali, kwa achimwene a Jerome ndi akazi awo, ndi kwa apongozi anu. Rafaelo mumupsompsone m'malo mwanga. Kwa amayi musapereke moni wanga kufikira mutawauza.

Ndine mng'ono wanu wolakwa,
Rozina