Takondwa Wayamba Kuyankhula, Koma Ine Sindikumumva

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Ife kuno ku Manchester tilipo, chimfine chija chinatha.

Paja tinkada nkhawa kuti Takondwa akuchedwa kuyankhula. Lachiwiri analira m'mawa wonse akuti, "Shui, shui!" Ndinayesa akunena "shoe" m'Chizungu, n'kumupatsa nsapato, koma anaitaya. Mayi Chen, aneba amene amamusamala ndikapita kuntchito, atalowa anangomutungira madzi, mwana n'kutonthola.

Akuti, "Uyu timacheza naye tsiku lonse m'Chitchaina."

Achemwali inu! Kodi ndisangalale kapena ndilire? Mwana wanga wapempha madzi, ine mayi ake osamva.

Chonde muzimutumizira mawu pafoni m'Chichewa, ngakhale omukalipira omwe. Ambuye akusungeni nonse.

Ine mng'ono wanu,
Esinala