Tsamba la Lachisanu

Lolemba, 9 Juni

Okondedwa bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mayi, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutani. Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo. Musadabwe kuti ndalemba kalata foni ilipo. Ndakuimbirani katatu sabata yathayi, koma mukangoti "Kalembera wanga, uli bwanji?" mawu amandithawa, n'kuyamba kukufunsani za nkhuku.

Ntchito ikuyenda monga kale. Webusaiti ya kampani yathuyi ili ndi masamba mazana anayi, ndipo aliyense amafuna lake likhale pamwamba. Bwana amabwera kudzaima kumbuyo kwa mpando wanga n'kumaloza kompyuta ndi kiyi wa galimoto, amvekere, "Apa pakhale mawu okoma." Ndikafunsa kuti okoma ake ati, amangoti wophunzira ndi iwe. Pambuyo pake kumabwera loya wathu, n'kuchotsa okomawo onse.

Mwina sindinakuuzenipo kuti tsamba sitililemba tsiku limene mumaliona. Timalemberatu, akuluakulu n'kuvomereza, kenaka ndimalitchera nthawi ngati alamu, ndipo limatuluka lokha ngakhale ine nditadwala. Lachitatu lapitali anandiitanira m'chipinda cha misonkhano, n'kutseka chitseko, n'kundisainitsa pepala loti ndisauze munthu. Atatero anandipatsa zoti ndilembe. Ndinalemba, bambo. Ndinalemba bwino zedi moti loya sanachotsepo kanthu. Mawu oti "kutseka" mulibemo. Muli oti "tikuphatikiza nthambi kuti titumikire bwino makasitomala athu".

Nthambi imene ikutsekedwayo ndi depoti yanu, kumene mumagwira ntchitoko.

Tsambalo lituluka Lachisanu 8 koloko m'mawa, koma inu makalata okuchotsani ntchito akupatsani 10 koloko. Ndinapempha kuti tisinthe nthawi, anthu ayambe amva kwa munthu mnzawo. Bwana anangoseka. "Iwe, a ku depoti aja amawerenga webusaiti?" Zikundiwawa mpaka pano. Ndikanawauza kuti alipo mmodzi amene amaitsegula pafoni m'mawa uliwonse asanavale ovolosi, n'kumawerengera anzake mokweza, amvekere tamvani zimene walemba mwana wanga.

Anandiuzanso kuti ndichotse zithunzi zonse za kumeneko. Chanu chija, mutaima pafupi ndi sikelo, chipewa chitapendekeka, ndinachiika ndekha chaka chimene ndinayamba ntchito. Sindinachichotsebe. Dzanja likangofika pa batani ndimadzuka kukamwa madzi. Lero lokha ndamwa makapu asanu, ndipo amene timakhala naye tebulo limodzi wayamba kundiuza kuti ndikayezetse shuga.

Kalatayi ndaipereka kwa dalaivala wa basi, ikupezani Lachitatu. Akadziwa kuno kuti ndakuuzani, ntchito yandithera. Ndikudziwa, ndipo ndikuopa. Koma sindingalole kuti zaka 26 za ntchito yanu mumve kuti zatha kudzera m'mawu anga okomawo, mukuwerenga ndi pakamwa panu, anzanu atakuzungulirani. Zoti muwauze kapena ayi ndasiyira inu, sindikuletsani.

Mundiperekere moni kwa mayi, muwauze kuti ndibwera Loweruka ndi basi yoyamba. Moninso kwa alonda aja amene ankandipatsa mpando pageti ndikamakudikirani pochokera kusukulu. Lachisanu foni muisiye kunyumba. Ndipo wina akafunsa kuti walemba ndani, kamodzi kokha kano, bambo, musanene kuti ndi mwana wanu.

Ndine mwana wanu,
Kalembera