Dzino la Sarjento pa Khutu la Feliza

Amayi, kaya mwadzuka bwanji uko munapitako?

Ife kuno ku Zobue tilipo, kungoti mtima wanga sunakhale pansi chichokere Lachinayi lapitali. Ndati ndikulembereni inu, poti wina woti ndimuuze zamanthazi osandiseka ndilibe.

Ndiyambe ndi zabwino monga munkachitira inu. Munda wanu wakumtunda watipatsa chimanga chodzaza nkhokwe, ndi nyemba zoti tidya mpaka mvula. Wakudambo uja sitinaulimebe, zikhomo zofiira za anthu ofukula mabomba zikadali pomwe munazisiya. A Rozariya a kuseri kwa tchalitchi abereka mapasa, onse amuna, ndipo mkaka ukukwana. Feliza wanu, amene munamusiya akukwawa, ali ndi zaka zitatu tsopano, ndipo pakamwa ndi inu nomwe, sagonja. Inenso ndili ndi pakati, mwezi uno ndi wachisanu ndi chitatu. Miyendo yatupa, koma ndikuyenda.

Nkhani ndi ya galu, Amayi. Mutangotisiya akuba anatizunza. Mfuti zija anthu sanabweze zonse utabwera mtendere, zina zikadali m'madenga. Anatitengera mbuzi zinayi masanasana, ine ndili ndekha pakhomo, wina atandiloza nayo pamphumi. Paja bambo a Feliza amakhala ku Moatize, kulondera nyumba ya katundu kudera la 25 de Setembro, kuno amabwera Loweruka lokha. Ndine ndinawalirira kuti andipezere galu wolusa. Sindinamizira munthu ayi, ndinaziputa ndekha. Munkanena inu kuti walira mvula walira matope.

Anabwera naye pa kaminyawu wonyamula katundu, chigalu chakuda, mutu ngati mtondo, dzina lake Sarjento. Anamutenga kwa mnzawo amene anali naye limodzi kunkhondo. Kaleredwe kake ndi kaja mukukadziwa. Kuyambira ali kamwana ankamutsekera m'kanyumba kamdima tsiku lonse kuti asazolowere nkhope za anthu, n'kumamusinjira mavu ndi tsabola m'phala la gaga. Galu wotere akatuluka, aliyense ndi mdani. Ine zomutsekerazo ndinakana, ndinamumvera chisoni. Ndinkamumanga patsinde pa mango, kenaka pang'onopang'ono ndinayamba kumumasula.

Ndipo anazolowera, Amayi, mukadaona! Feliza ankamukwera pamsana, kumukoka makutu, kumupisa dzanja m'kamwa kulanda chinangwa chake, iye n'kumangogwedeza mchira. Anansi akafika pampanda n'kunena odi, ine n'kuyankha, ankagona pansi kuwalola kulowa. Wakuba anayesako kamodzi mwezi wa Janeiro, anasiya mwendo wa buluku ndi magazi pampanda, ndipo chichokereni sitinasowe ngakhale nkhuku. Ndinayamba kudzitama kuchitsime kuti galu wanga ali ndi nzeru kuposa amuna ena. Pakamwa pangapa!

Lachinayi kunabwera ang'ono anu a Luzia, aja anatsala ku Mwanza ife pobwerera kuno. Chichokere pamaliro anu anali asanapondeko. Ine ndinali kuseri kwa nyumba ndikupeta nyemba, Feliza akusewera pabwalo. Nanga pakhomo pa mkulu wawo akadaodira ndani? Anangokankha chitseko cha mpanda n'kulowa. Akuti atamuona mwanayo anaona nkhope yanu yeniyeni, mtima unawathawa. Anaponya mtolo pansi, kuthamanga akululutira, n'kumunyamula m'mwamba. Feliza sawadziwa. Anakuwa ngati wagwidwa ndi fisi.

Sarjento sanauwe. Chimenechi ndiye chikundiopsa mpaka lero, Amayi, sanauwe ngakhale kamodzi. Ine ndinangomva kuti khu, munthu kugwa. Pofika ndinapeza a Luzia ali chagada pafumbi, galu ataluma mkono, mkono womwewo umene unafungatira mwana. Ndinaitana dzina lake mpaka mawu kutha, iye ngati alibe makutu. Ndinatola musi n'kumumenya nawo pamsana katatu, ine ndi mimba yangayi, osasiya. Anasiya yekha pamene Feliza anapulumuka n'kuthamangira m'miyendo mwanga. Ndiye mukudziwa chimene anachita? Anabwera akugwedeza mchira, n'kuyamba kumunyambita mwanayo kumaso, magazi a ang'ono anu ali kukamwa.

Poyamba ndinayesa magazi a pakhosi pa Feliza ndi omwewo. Nditapukuta ndi nsalu anatulukanso. Dzino linang'amba kunsi kwa khutu lamanzere podutsa. Sanafune kumuluma iye, ndikudziwa, koma dzino lilibe maso. Ndinayeza ndi chala changa, kuchoka pabalapo kufika pamtsempha wa pakhosi ndi chala chimodzi chokha. Ndakhala ndikuyeza tsiku lililonse ngati kuti pasintha.

Ku posito, kachipatala kathu kaja, anawasoka a Luzia mkono mbali zonse ziwiri n'kuwabaya jakisoni, Feliza anamusoka pawiri. Zala zawo ziwiri sizikupindika bwino, kaya khasu adzaligwiranso. Chondipweteka n'chakuti iwo akuti olakwa ndi iwo, chifukwa sanaodire. Munthu kupepesa chifukwa chokondwera ndi mdzukulu wake, zoona zimenezi? Ndinalira pamaso pawo ngati kamwana.

Loweruka bambo a Feliza atafika tinakangana kwa nthawi yoyamba chikwatiranireni. Iwo akuti galu sanalakwe. Anaona mlendo atagwira mwana, mwana akukuwa, ndiye anagwira ntchito imene tinamutengera. Akuti nanga akadakhala wakuba ana? Ine ndinati nanga akadakhala amayi anga? Chifukwa inunso mukadatero, Amayi, ndikukudziwani. Simukadaima pampanda kudikira kuti ndikuyankheni, mukadathamangira mwanayo. Anansi ena akuti aphedwe, a sekeretariyo a mudzi akuti unyolo ndi wokwana.

Bambo a Feliza sanakweze mawu. Anakhala pansi pa mango paja, mutu wa galu uli pamiyendo pawo, akumuchotsa nkhupakupa. Kenaka anati galuyu sanasankhe yekha kukhala chonchi, iwonso pa nkhondo ija anawatenga akadali mnyamata n'kukawaphunzitsa kuluma kutchire, nanga anayamba andipwetekapo? Amayi, sanandikwezerepo dzanja mwamuna ameneyu, ngakhale tsiku limodzi, inu ndinu mboni. Ndinaona kuti ndikati galu achoke, iwo akumva ngati ndikunena iwo. Anabwerera ku Moatize Lamulungu tisanagwirizane kanthu.

Pano Sarjento ali paunyolo, ndipo ine ndikuopa mbali zonse. Ndikamumanga ndikuona mfuti ija pamphumi panga. Ndikaganiza zomumasula ndikuona khutu. Feliza alibe naye mantha ngakhale pang'ono, dzulo ndinamupeza akumugawira mbatata, nsalu ya pabala ikadali kukhutu. Ndinamukoka mwamphamvu mpaka analira, ndipo galu uja anaimirira, unyolo unakungika, n'kundiyang'ana ine. Ine amene ndimamupatsa chakudya! Sanachite kanthu, anangondiyang'ana.

Tsono taganizani za mwezi wamawa. Khanda likatuluka m'chikuta limayenda m'manja mwa mudzi wonse. Abwera azamba, abwera amayi a kutchalitchi, abwera achibale a bambo ake ochokera ku Benga amene galuyu sanawanunkhizepo. Aliyense adzafuna kulinyamula, ndipo khanda ntchito yake ndi kulira. Ndidzaima pakati pa anthu onsewo ndi galu, ine wongochira kumene? Unyolo ndi wakale, unali wa njinga, ndipo wina adzaiwala n'kudutsa pafupi. Mwina akhoza kukhala zaka khumi osalumanso munthu wosalakwa. Mwinanso ndi mawa. Palibe angandiuze, ngakhale mwini wake amene amamukonda chotero.

Ndiye ndaganiza, Amayi, musandikalipire. Mawa m'mawa ndinyamuka ndi a Luzia ndi Feliza kupita ku Mwanza, ndikachirira kumeneko. A Rozariya avomera kumamuponyera galuyo chakudya ali patali, ndipo ndawasiyira mawu oti adzawauze bambo a Feliza Loweruka: sindikuwathawa iwo, ndimawakonda, koma khanda langa ndi galu ameneyu sadzakhala bwalo limodzi. Asankhe okha kumene angamupititse.

Mukukumbuka tsiku lija tinawoloka malire pobwerera kwathu, munagwada n'kutapa dothi, ndipo tinalumbira tonse kuti sitidzadutsanso pamenepo ndi mtolo pamutu. Mtolo ndamanga kale, uli pakhomo apa. Poyamba paja tinkathawa anthu a mfuti, lero ndikuthawa mlonda wanga yemwe, ndipo ndikuchita manyazi.

Pamanda panu ndinalambula dzana. Udzu ukameranso musati ndakutayani. Ndikulonjeza kuti tsiku limene ndidzamve kuti pansi pa mango palibenso galu ndidzabwerera, ndidzabwera kudzasesa ndi kukuuzani dzina la mwana. Tiyang'anireni panjira mawa, miyendoyi sindikuikhulupirira.

Ndine mwana wanu wokukondani masiku onse,
Jasinta