Mzere Wotsala pa Fomu ya Galu

Okondedwa Amayi,

Moni wangayu akupezeni muli pabwino. Kodi bondo lija likukulolani kuyenda masiku ano? Nanga mankhwala a kuthamanga kwa magazi mukumwa, kapena mwawabisanso pansi pa pilo ngati chaka chatha? Ine kuno ndili bwino, kungoti manja akusupuka ndi sopo wa kuntchito. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa basi uja amabweretsa katundu wanu. Mudabwa kuti bwanji osangoimba foni. Ndayesa kawiri, koma mukangoyankha ndimayamba kukamba za mvula.

Ntchito ikuyenda monga kale. Timachapa ndi kusita nsalu za pabedi za hotela, m'chipinda chapansi chopanda zenera, makina akulira tsiku lonse moti mnzako sumumva. Tikaweruka aliyense amathamangira basi yake. Paja ndimakuuzani kuti ndili ndi anzanga ambiri, kuti Lamlungu nyumba imadzaza. Amayi, linali bodza. Mipando ndili nayo iwiri, koma winawo ntchito yake ndi kukolekapo jekete. Kuyambira Loweruka masana mpaka Lolemba m'mawa ndimatha osatsegula pakamwa, kupatula potsuka mano.

Ndiye ndinaganiza zopeza galu. Musaseke. Mnzanga amene timapinda naye nsalu ananditengera kwa bambo wina woweta agalu ogulitsa. Tiana tinalipo, tokongola, taubweya, koma maso anga anagwera pa make wa tianato, ali m'kakhola kuseri kwa galaja, mawere ali lendelende mpaka pansi. Bamboyo anati ameneyo wabereka kasanu ndi kawiri, ndipo akangotopa amuchotsa. Sanandifunse kumene ndimakhala, ngakhale dzina langa. Ndinabwerako chimanjamanja, mtima ukundiwawa.

Kumapeto kwa njira ya basi yathu, kupitirira fakitale ya matayala, kuli malo osungirako agalu osowa mwini: otayidwa, osochera, ndi ena amene eni ake anamwalira. Ukalowa onse amalumphira pa waya, aliyense kudzitsatsa ngati anthu ofuna ganyu. M'khola lomaliza munali mmodzi amene sanadzuke n'komwe. Wamkazi, wokalamba, imvi kukamwa, mwendo wakumbuyo wotsimphina, atalozetsa nkhope kukhoma. Mayi woyang'anira malowo anandiuza kuti mwini wake anali mkulu wina wokhala yekha, ndipo atamwalira anthu anadziwa patapita masiku atatu chifukwa cha kulira kwa galuyu. Wakhala m'kholamo miyezi isanu ndi inayi. Anthu amafuna tiana.

Tsopano ndimapitako Lamlungu lililonse. Maulendo atatu oyamba sanandiyang'ane. Ulendo wachinayi anabwera n'kuika chibwano pa nsapato yanga, ndipo ndinangoima chilili kuopa kumudzidzimutsa, mpaka mwendo unachita dzanzi.

Kutenga galu kumeneko si masewera. Ogwira ntchito pamalopo anabwera kudzaona chipinda changa, anayeza mpanda wa kuseri, anafuna kalata ya eni nyumba. Zonsezo ndinapambana. Mbale ndagula kale, bulangete lakale ndayala pafupi ndi chitseko. Chandigwetsa ndi mzere umodzi pa fomu. Akufuna dzina la munthu wa m'tauni muno amene angatenge galuyo ine nditadwala kapena zitandigwera zina, ndipo munthuyo abwere yekha adzasaine. Mayi uja anati galu ameneyu anatsekeredwapo kale m'nyumba ndi mtembo, ndiye sangalole kuti zimuchitikirenso. Ndinagwira cholembera mpaka anandifunsa ngati inki yatha.

Ndayesa. Mnzanga uja anati mwana wake amabanika ndi ubweya, ndi kuti ndikanangogula kamwana kuja, kumene safunsa za abale. Eni nyumba anati kulola galu pakhomo pawo n'kokwanira. Mlonda wa pageti la hotela anaseka, nati iye mwini bedi amachita kusinthana ndi anzake. Zaka zisanu ndi chimodzi m'tauni muno, Amayi, ndasowa dzina limodzi. Andipatsa mpaka kutha kwa mwezi uno. Kupitirira apo amusamutsira ku malo ena akutali chifukwa makola adzaza, ndipo pa msinkhu wakewo sindikhulupirira kuti angadzatulukenso.

Mwadziwa kale kumene ndikulowera. Achimwene amakhala mabasi awiri okha kuchokera pano, koma patha zaka zinayi osalankhulana. Simunandifunsepo chimene ndinawauza pa foni tsiku lija analephera kubwera pa maliro a bambo. Ndinawauza kuti kwa ine maliro ndi awiri. Anadula foni, kenako anasintha nambala, ndipo ine ndinanyadira kuti ndawalasa. Chimene chinawalepheretsa sindinachimve mpaka lero, poti sindinawapatse mpata. Inu mumati chibale ndi fupa, sichiwola. Ine ndakhala ndikuyesetsa kuliwoletsa, ndipo ndikuchita manyazi.

Pempho langa ndi limodzi. Nambala yawo muli nayo, ndikudziwa, chifukwa mukamazemba kukamba za iwo mawu anu amakwera. Musandipatse popanda chilolezo chawo. Muwaimbire, muwauze kuti kuli galu wokalamba amene akufuna womusainira. Mukukumbukira mmene ankabisira agalu otola m'njira kukhitchini kwanu tili ana, inu n'kumawapirikitsa ndi tsache onse pamodzi. Ine angandikane, ndipo chifukwa chake ali nacho, koma galu sanamukanepo. Malowo amatsegula Lamlungu kuyambira naini koloko. Ngati safuna kundiona anene nthawi, ine ndidzadikira kunja kwa mpanda mpaka asaine n'kupita.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa alamu ndi ana onse, makamaka kamdzukulu kanu kosowa mano akutsogolo kaja. Atsibweni muwauze kuti magalasi awo ndawapeza, abwera ulendo winawo, asiye kuwerenga ndi a eni ake.

Chinanso, Amayi. Achimwene ndi munthu wa mafunso, mukuwadziwa. Akakufunsani ngati ndi galu yekhayo amene akusowa munthu, musandiikire kumbuyo. Muwauze za mpando uja.

Tsalani bwino.

Ndine mwana wanu,
uja mumati Kamakani